Msiyeni woonerera alowe m'bwalo

Pali mkangano umene umabwerabwera nthawi iliyonse anthu akakhala pansi kugawa ndalama za ntchito zotukula miyoyo ya anthu. Wina akangotchula kuti pakhale gawo la zisudzo, pamapezeka wina wokwinya nkhope n'kufunsa kuti kodi sewero linachiritsapo ndani, nanga linamangapo mlatho uti. Masiku ano funsoli lamera mano ena, chifukwa akuti anthu ali ndi mafoni m'manja, ndiye kuwasonkhanitsa padzuwa kuti aonere anyamata ndi atsikana akudzigwetsa m'fumbi ndi ntchito yachikale. A zisudzo nawo amayankha mopsa mtima kuti iwo ndiwo amafikitsa uthenga kumene nyuzipepala sifika. Ine ndili kumbali ya zisudzo, koma chifukwa changa n'chosiyana ndi chimene a zisudzo ambiri amapereka. Mfundo yanga ndi yakuti sewero limasintha dera pamene lapatsa anthu malo oyeserera, pamaso pa anzawo, zinthu zimene amaopa kunena kapena kuchita m'moyo weniweni. Likachita zimenezi palibe chida china chingalowe m'malo mwake. Likangokhala chimkuzamawu chovala zoseketsa, chobwereza zimene zinalembedwa ku ofesi, ndiye kuti otsutsa aja akunena zoona ndipo ndalamazo zipite kwina.

Tiyambe ndi dandaulo lomwe limamveka kwambiri, lakuti zisudzo n'zongosangalatsa: anthu amaseka, kuomba m'manja, kubalalika, mawa lake zonse zili mmene zinalili. Sindingakane, chifukwa masewero otere ndawaona ambirimbiri ndipo amafanana ngati ana a mimba imodzi. Galimoto ifika, ng'oma ilira, anthu asonkhana. Atulukira bambo woledzera, waika pilo m'malaya kuti aoneke wamimba, akudzandira, chipewa chili chammbali. Amenya mkazi wake mwanthabwala, ana oonerera afa nalo phwete. Kenaka atulukira munthu watayi, aima pakati, n'kuyamba kulalikira mawu ochita kumvekeratu kuti anawaloweza papepala. Woledzera uja agwada, alapa, alumbira kuti wasiya. Nyimbo yotsekera, chithunzi choika mu lipoti, galimoto ilizidwa, fumbi koboo! Mayi amene amamenyedwadi kunyumba anali pomwepo, ndipo nayenso anaseka, poti akanatani? Iye akudziwa bwino lomwe kuti mwamuna wake sangagwade chifukwa munthu watayi walankhula. Choncho chimene waphunzira tsiku limenelo n'chakuti alendo aja sadziwa moyo wake.

Komabe cholakwika pamenepa ndi kapangidwe ka sewerolo, ndipo munthu amene anazindikira izi mowawa ndi Augusto Boal wa ku Brazil, yemwe anabadwa mu 1931 n'kumwalira mu 2009. Iye mwini ankasimba kuti m'zaka za m'ma 1960 gulu lake linapita kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo kukachita sewero pamaso pa alimi osauka amene ankaponderezedwa ndi eni minda ikuluikulu. Sewerolo linathera pa nyimbo yotentha, ochita sewero atakweza mfuti m'mwamba, akuimba zokhetsa mwazi kuti nthaka imasulidwe. Mlimi wina, Virgílio, anakhudzidwa kwambiri, n'kubwera kudzawauza kuti poti maganizo ndi amodzi, anyamule mfuti zawozo apitire limodzi kukathana ndi mwini munda. Boal anayankha mwamanyazi kuti mfutizo n'zoseweretsa, siziwomba. Mlimiyo anati palibe kanthu, zenizeni zilipo zokwanira aliyense. Apa m'pamene a zisudzo anaulula kuti iwo ndi a zisudzo basi, kuwombera sadziwa, ndipo sapita nawo. Virgílio anangowafunsa ngati ndiye kuti mwazi ankaimba uja unali wa alimi okha, wawo ayi. Kuchokera pamenepo Boal anasiya kulemba masewero olangiza ena kuchita zimene iye sakanayerekeza.

Yankho lenileni analipeza ku Peru mu 1973, ali kunja kwa dziko lake boma la asilikali litamumanga ndi kumuzunza mu 1971. Nthawi imeneyo njira yake inali yakuti ochita sewero aonetse vuto mpaka pamene lafika pothina, aime, oonerera apereke maganizo, iwo n'kuwayesa. Tsiku lina nkhani inali ya mayi wosadziwa kuwerenga amene mwamuna wake ankamusungitsa mapepala n'kumati ndi a nyumba imene akumanga, chikhalirecho anali makalata achikondi ochokera kwa mkazi wina. Mayi wina wojintcha pagulu la oonerera anati mkaziyo alankhule naye momveka bwino mwamunayo, kenaka amukhululukire. Ochita sewero anayesa, iye anakana kuti sizimenezo. Anayesanso, iye anakwiya kufuna kutuluka. Boal atasowa chochita anamuuza kuti akwere yekha adzaonetse. Mayiyo anakwera, kumugwira wochita mbali ya mwamuna uja, kumuthidzimula ndi tsache kwinaku akumuuza zakukhosi, atatha n'kumutuma kukhitchini poti tsopano wamukhululukira. Sindikuti tsache ndi mankhwala a banja, ayi. Chimene Boal anaona n'chakuti mawu oti "momveka bwino" anali ndi tanthauzo limene ophunzira onse aja sakanalipeza, koma mwini wake yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamenepa m'pamene panachokera njira yotchedwa forum theatre, momwe woonerera aliyense amatha kuimitsa sewero, kulowa m'malo mwa woponderezedwa, n'kuyesa nzeru yake.

Tsono kulowa m'bwalo kumasiyana pati ndi kumva uphungu? Taganizirani mtsikana wogwira ntchito yapakhomo amene abwana ake atha miyezi itatu osamulipira. Iyeyu sakusowa uthenga. Akudziwa kuti akuberedwa, ndipo mwina anamvapo pa wailesi kuti malamulo amamuteteza. Chomwe chimamuvuta n'chakuti akangoima pakhomo la pabalaza, abwana n'kudzutsa maso kuti "Ukufuna chiyani?", mawu onse amabalalika, kukamwa kumauma, amangoti "Palibe, bwana," n'kubwerera kukhitchini. M'bwalo la zisudzo mtsikana yemweyo atha kuima pamaso pa abwana ongoyerekeza, amene sagonja msanga, amamuopseza kuti amuchotsa ntchito, amamukumbutsa za diresi lomwe anamupatsa chaka chatha. Koyamba alephera. Mnzake alowa, ayesa kubwera ndi kabuku kolembamo masiku amene wagwira. Wachitatu abwera ndi mboni. Oonerera atsutsana kuti njira iti ingathekedi, iti ndi yamaloto. Osewera mpira amayeserera sabata yonse asanakumane ndi timu ina, oimba kwaya amabwereza nyimbo imodzi mpaka kukhosi kuwawa, maloya amakonzeratu mafunso asanapite kukhoti. Munthu wosauka yekha ndiye timayembekeza kuti akakumane ndi wamphamvu osayesererapo n'kamodzi komwe, ndiye akagonja timati ndi wamantha.

Dandaulo lachiwiri ndi la ndalama, ndipo limachokera kwa anthu oganiza bwino, osati adani a luso. Iwo amati thumba ndi limodzi, ndalama yopita kwa a zisudzo ndi yomweyo ikanagula mankhwala kapena kufolera kalasi. Pamenepa ndiyenera kuvomera kuti sewero silitsitsa kutentha thupi, ndipo mwana sangausire mvula pansi pa nyimbo. Ngati tikusankha pakati pa mankhwala ndi sewero, gulani mankhwala. Koma kawirikawiri nkhani sikhala imeneyo. Tonse tinaonapo zinthu zomangidwa ndi ndalama zambiri zitangokhala osagwira ntchito: chimbudzi cha pasukulu chimene atsikana salowamo chifukwa khomo lake linayang'ana kumene anyamata amasewera, chipatala chimene amayi achichepere amachilambalala chifukwa wolemba mayina pakhomo ndi mnansi wolongolola. Zifukwa zotere sizituluka pamsonkhano pomwe akuluakulu akhala pamipando kutsogolo, wofunsa ali ndi cholembera m'manja. Zimatuluka mosavuta munthu akakhala ndi pobisala, n'kumati "si ine, ndi uyu wa m'seweroyu." Ndiye chifukwa chake ndimati ndalama yochepa yothera pa sewero lotere imateteza ndalama yambiri yothera pa njerwa.

Ofuna umboni wogwirika ndi manja aupeza ku Rio de Janeiro. Boal atabwerera kwawo anasankhidwa kukhala khansala wa mzindawo mu 1992, ndipo anagwira ntchitoyo kuyambira 1993 mpaka 1996. Mpando wakewo anaugwiritsa ntchito kukhazikitsa magulu a zisudzo pakati pa okalamba, anthu osaona, antchito apakhomo ndi okhala m'madera osauka. Nzeru zimene oonerera ankabwera nazo m'bwalo zinkalembedwa, odziwa malamulo n'kuzisandutsa mabilu opita kukhonsolo. Malamulo 13 anakhazikitsidwa mwa njira imeneyi. Limodzi linalamula kuti zipatala za mzindawo zikhale ndi madokotala odziwa matenda a ukalamba. Lina linakhudza matelefoni a m'mbali mwa misewu, omwe denga lake linkatulukira chakumutu kwa munthu pomwe ndodo ya wosaona imafufuza pansi, moti anthu ankadziguguda nawo. Lamulo linati pansi pake pakhale chitunda cha simenti choti ndodo izichimva. Ndi khansala uti wopenya akanaliganizira yekha vuto limeneli?

Pali enanso amene amavomera zonsezi koma amati n'za m'mabuku, pansi pano a zisudzo amangovina nyimbo ya amene wawalipira. Lero za katemera, mawa za mitengo, mkuja za chisankho, gulu lomwelo, bambo woledzera yemweyo, pilo yomweyo. Awa ndiwo ndimagwirizana nawo kwambiri, ndipo dandaulo lawo si lachilendo. Ku Botswana mu 1974 kunayamba ntchito yotchedwa Laedza Batanani, momwe aphunzitsi a sukulu za akulu ndi alangizi aboma ankayenda m'midzi kuchita masewero n'kukambirana ndi anthu, ndipo maiko angapo a mu Africa anatengera njira imeneyi. Patapita zaka zochepa, awiri mwa omwe anaiyambitsa, Ross Kidd ndi Martin Byram, analemba okha kuti ntchitoyo inali m'manja mwa alangizi ndi akuluakulu a m'midzi, kuti inkathera pa kudzudzula makhalidwe a osauka osafika pa chimene chikuwasaukitsa, ndi kuti zokambirana zikatha zochitika zinali zochepa. Koma taonani kumene umboniwu ukuloza. Ukuloza kwa mwini bwalo. Bungwe likamayeza ntchito powerenga mitu ya anthu amene anasonkhana, lipeza masewero osonkhanitsa anthu, basi. Likamafunsa kuti ndi angati analowa m'bwalo, ananena zotani zimene sizinali papepala, ndipo nkhaniyo inakafika pa tebulo la ndani, masewerowo asintha okha. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anatinso mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Miyambi iwiriyi sikutsutsana. Katswiri wochokera kutali abwere ndi luso lake, koma pochoka kalumoko akasiye m'manja mwa gulu la anthu amene amagona ndi kudzuka m'dera lomwelo.

Nanga za mafoni? Otsutsa amati kakanema ka mphindi imodzi pa TikTok kapena pa WhatsApp kamafika kwa anthu ochuluka tsiku limodzi kuposa amene gulu la zisudzo lingawapeze chaka chonse. Masamu ake ndi oona. Chovuta n'chakuti masamuwa akuwerenga maso amene aona, pomwe makhalidwe ambiri oipa amakhalitsa chifukwa aliyense amaganiza kuti ndi iye yekha amene sakugwirizana nawo. Bambo amene mumtima mwake safuna kukwatitsa mwana wake wamng'ono amachitabe poopa kuti anzake amuseka, chonsecho anzakewo nawonso akuopa iye. Akaonera kakanema pafoni ali yekha pabedi atha kugwedeza mutu kuvomereza, koma mantha ake ali pomwepo, pakuti sakudziwa ngati mnansi wake waonanso, ndipo ngati waona waganiza zotani. M'bwalo zinthu zimayenda mwina. Iye akuona sewero, komanso akuona nkhope ya mnansi wake, akumva mayi wachikulire amene aliyense amamulemekeza akung'ung'udza kuti "zimenezi ayi," ndipo mnansiyo akudziwa kuti bamboyu wamva.

Mfundo imeneyi inayesedwapo mwachindunji. Eric Arias anachita kafukufuku m'mudzi wina wa ku Oaxaca ku Mexico, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019. Anagwiritsa ntchito sewero lomvetsera lokamba za nkhanza kwa amayi. Anthu ena anapatsidwa CD kuti akamvere paokha, ena anamvera pachimkuzamawu cha m'mudzi kapena pamsonkhano. Mwa omvera paokha sanapeze kusintha. Omvera pagulu ndiwo anayamba kukana nkhanza kwambiri ndi kuvomereza kuti amayi ndi abambo ndi ofanana, ngakhale kuti, chodabwitsa, chiyembekezo chawo chakuti nkhanzazo zichepa m'tsogolo chinatsika. Inde, ndikukumbuka kuti ndanyoza chimkuzamawu kumayambiriro kuja. Koma chimene chinagwira ntchito ku Oaxaca ndi kudziwa kuti anzako akumva nawe limodzi, ndipo zisudzo za m'bwalo zimapereka chomwecho n'kuonjezera mwayi woyankha. Foni ndi wailesi zithandize kuitana anthu ndi kufalitsa zimene zachitika, palibe woletsa.

Dandaulo lomaliza ndi limene limandisowetsa tulo, ndipo n'lotsutsana kotheratu ndi loyamba lija. Loyamba limati zisudzo zilibe mphamvu. Ili likuti mphamvu yake ndi yoopsa, imaputa mavu kenaka oputawo n'kuthawa. Mbiri ikuikira umboni mbali imeneyi. Mu 1977 anthu a m'mudzi wa Kamiriithu pafupi ndi Limuru ku Kenya, alimi ndi ogwira ntchito m'mafakitale, anadzimangira okha bwalo la zisudzo lokwana anthu 2,000. Anachita sewero lotchedwa Ngaahika Ndeenda, lolembedwa ndi Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii m'chilankhulo cha Gikuyu, ndipo poyeserera aliyense anali ndi ufulu wokhala pansi kuonerera n'kukonza mawu amene sanamveke ngati a kumudziko. Nkhani yake inali ya nthaka ndi ya anthu amene analemera ufulu utabwera, anzawo akumka nasauka. Patangotha milungu 6 boma linalanda chilolezo, ndipo kumapeto kwa Disembala Ngugi wa Thiong'o anatsekeredwa kundende ya Kamiti kwa pafupifupi chaka chathunthu osazengedwa mlandu. Mu Malichi 1982 apolisi anabwera n'kugwetsa bwalo lonselo. Munthu yemweyu anali atalemba kale mabuku a Chingerezi odzudzula olamulira, koma sanamangidwe. Anamangidwa pamene alimi anakwera pansanja n'kuyamba kulankhula okha m'chilankhulo chawo. Amene amati sewero n'longoseketsa atifotokozere chimene apolisi ankachiopa pa mitengo ndi matabwa aja.

Ngozi yochokera ku boma imaonekera, imalembedwa m'nyuzipepala. Imene imandiopsa koposa ndi ya kuseri kwa chitseko. Mayi alowa m'bwalo, auza mwamuna wa m'sewero mawu amene wawasunga mumtima zaka 10, anthu amuombera m'manja, koma mwamuna wake weniweni waima kumbuyo kwa gulu, manja ali m'thumba, osaseka. A zisudzo akwera galimoto. Mayiyo abwerera ndi mwamunayo kunyumba yomweyo. Odandaula za izi ali ndi mfundo, ndipo kungakhale kunama kunena kuti pali njira yochotseratu ngozi imeneyi. Chomwe ndinganene n'chakuti kukhala chete nakonso sikunamuteteze mayiyo zaka zonsezo, ndiponso kuti luso la ntchitoyi limaonekera pomwepa. Wotsogolera wodziwa ntchito yake satenga nkhani ya munthu mmodzi n'kuiyala pagulu mmene ilili. Amasakaniza nkhani zingapo, kusintha mayina ndi zizindikiro, kuti aliyense adzionemo koma pasapezeke wolozedwa chala. Nkhani zina amayamba kuziyeserera m'kagulu ka amayi okha kapena achinyamata okha, chitseko chili chotseka, ndipo eni ake ndiwo amagamula ngati zituluke. Sakokera munthu m'bwalo. Ndipo asanalize ng'oma amadziwiratu kuti wina akabwera mawa akulira amuperekeza kwa ndani. Gulu losachita izi lisapatsidwe ndalama, ngakhale litakhala loseketsa chotani.

Izi zikutibwezera ku funso la mlimi wa ku Brazil uja, lakuti mwazi ukakhetsedwa ukhala wa yani. Gulu loyenera kulidalira ndi lomwe limasenza nawo ngozi imene likuitanira anzake. Pa 1 Januwale 1989 gulu la Jana Natya Manch linkachita sewero la mumsewu ku Jhandapur, dera la ogwira ntchito m'mafakitale kufupi ndi Delhi ku India. Sewero lili mkati anatulukira achiwembu ogwirizana ndi wandale wina amene ankapikisana pachisankho cha m'deralo. Anapha wogwira ntchito wina, Ram Bahadur, ndipo anamenya mtsogoleri wa gululo, Safdar Hashmi, yemwe anamwalira tsiku lotsatira ali ndi zaka 34. Awa sanali alendo ongodutsa ndi galimoto. Anali atachita masewero pazipata za mafakitale ndi m'misewu kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Pa 4 Januwale anzake a Hashmi, pamodzi ndi mkazi wake Moloyashree, anabwerera pamalo omwewo n'kuchita sewero lija mpaka kumapeto, khamu la anthu likuonerera. Khoti linadzagamula mlandu wa achiwembu aja mu 2003, patatha zaka 14.